Keke ya Nsanjika Zitatu

Aliyense amene anaphunzirapo pa sukulu ya pulayimale ya kuseri kwa msika ku Darwen amamudziwa Glenys Duxbury. Ena nkhope yake anaiiwala, poti mwana wanjala sayang'ana munthu kumaso, koma chisupuni chake chija palibe anachiiwala. Glenys anaphika m'khitchini ya sukuluyo kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mphepete mwa kachipewa kake koyera. Ankamudziwa mwana amene wachoka kwawo osadya, ndipo mbale ya mwana woteroyo inkachoka pamzere italemerako. Akuluakulu a sukulu akadandaula kuti mbatatesi ikutha msanga, iye ankangoti, "Ya chaka chino ndi yamadzi," nkhani n'kuthera pomwepo.

Kunja kwa sukulu ankadziwika ndi makeke. Ubatizo, ukwati, maliro, ngakhale munthu akangopuma pantchito, anthu a m'misewu yathu ankagogoda pakhomo pake atanyamula ufa ndi mazira. Sankalipiritsa zambiri, ndipo ena sankawalipiritsa n'komwe, zimene zinkamupweteketsa mutu mwamuna wake Des. Tauni yonse inkavomereza kuti mayiyu ali ndi dzanja. Munthu mmodzi yekha ndiye anali asanavomereze, ndipo munthuyo anali mayi ake omubala.

A Enid Entwistle sanali munthu woipa, tisawanamizire. Anali mayi wamfupi, wowongoka ngati msomali, amene anagwira ntchito yoluka nsalu kufakitale mpaka makina atazimitsidwa. Phokoso la kumeneko linawagonthetsa khutu limodzi, koma linawaphunzitsa kumva ndi maso. Amayi a m'fakitale ankacheza ndi milomo yokha, wina ali uku wina ali uko, choncho kunong'ona pamaso pa a Enid kunali kungodzivutitsa. Vuto lawo linali limodzi: pakamwa pawo mawu oyamikira sankayenda okha. Ukawapatsa chakudya ankalawa, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Chakoma, koma..." Ndiye pambuyo pa komayo pankabwera mchere, kapena moto, kapena mbale imene waikamo. Glenys anakula ndi koma ameneyu, anakwatiwa naye, anabereka naye mwana, ndipo atafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu ankawawidwabe mtima ngati kamtsikana akamumva.

Pakhoma, pamwamba pa malo owothera moto m'chipinda chochezera cha makolo akewo panali chithunzi cha ukwati wawo wa mu 1944. A Wilf, bambo ake, anali mu yunifolomu ya usilikali, makutu ali njo, a Enid atavala diresi yobwereka. Koma chimene chinkakoka maso chinali patebulo patsogolo pawo: keke yoyera mbuu, ya nsanjika zitatu, yokhala ndi timaluwa ndi timizati, pakatikati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pamene anthu ankalimbirana dzira limodzi. Ali mwana, Glenys ankakwera pampando n'kumaiyang'ana mpaka khosi kuwawa. Akafunsa kuti inkakoma bwanji, mayi ake ankati, "Tsika pampandopo usanagwe," bambo ake n'kutsokomola, n'kutuluka kukaona nkhunda zawo. Mwanayo anangodziyankha yekha kuti munthu amene anadyapo keke yotero sangakhutirenso ndi ina iliyonse. Kuphika anakuyamba chifukwa cha chithunzi chimenecho.

Chaka cha 1994 chinafika ndi zinthu ziwiri. Ukwati wa a Wilf ndi a Enid unali kukwanitsa zaka makumi asanu, ndipo fakitale ya nsapato kumene Des ankagwira ntchito inatsekedwa. Kwathu kuno zaka makumi asanu za ukwati sizidutsa mwakachetechete, anthu angakunene mpaka kumanda. Ena amachita lendi chipinda kuhotela, ena amatumiza makolo kunyanja. Glenys, mwana yekhayo wa m'nyumbamo, anali ndi malipiro a wophika kusukulu ndi mwamuna amene tsopano ankadziwa mapulogalamu onse a masana a pa TV.

Nzeru inachokera kwa Des yemweyo, ndipo anainena mongocheza. Chaka chimenecho dziko lonse linkakumbukira nkhondo, TV ili yodzaza ndi nkhalamba za mamendulo pachifuwa.

"Bwanji osangowachitira phwando la nthawi ya nkhondo?" anatero ali gone pasofa. "Nthawi imeneyo kunalibe chilichonse. Ifenso tilibe chilichonse. Ndiye kuti takonzeka kale."

"Inu mukanakhala kuti nzeru zimenezi mumapita nazo kokafuna ntchito, bwenzi tili kuhotela," anatero Glenys.

Koma anaima pakhomo la khitchini nsalu yopukutira mbale ili m'manja, akuganiza. Tiyi wa masana, m'holo ya tchalitchi, zonse monga mmene zinalili chaka chimene awiriwo anakwatirana. Chilichonse chosowa chikanaoneka ngati chadala. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Woyamba kumuuza anali Noreen Pickup, mnzake wa kukhitchini ya sukulu, mayi wamtali wa mawu aakulu amene ankasunganso makiyi a holo ya tchalitchi. Noreen anailandira nkhaniyo ngati ndi yake. Pasanathe sabata, msewu wonse unali utalowa usilikali. Makapu anabwerekedwa nyumba ndi nyumba, iliyonse ndi maluwa akeake, ena opanda timbale take. Malaya akale a Des, ndi ena amene iye ankati si akale, anadulidwa kukhala timbendera topachika kudenga. Magalasi a mawindo anamatidwa timapepala mopingasa monga ankachitira poopa mabomba. Zovala anakazitola pa kaunjika wa kutchalitchi: madiresi a mapewa otukuka, mipango ya kumutu, zipewa zonunkha mankhwala a njenjete. Chakudya sichinavute: buledi wopaka majarini pang'ono ndi nyama ya m'chitini, mabisiketi otsekemeretsa ndi karoti m'malo mwa shuga, jamu wa chaka chatha, ndi tiyi wosatha.

Chinatsala n'kuwauza eni phwandolo. A Wilf anasangalala ngati mwana, n'kuyamba kufunsa ngati yunifolomu yawo ingawakwanebe. A Enid anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamiyendo.

"Ndiye kuti nkhondo ija yakukomerani, inu amene simunaione," anatero. "Ife tinaidya, tinaivala, tinagona nayo. Lero mwati tiibwereze, tiombe m'manja."

"Ndi chikumbutso chabe, Amayi. Anthu akasangalale."

"Chitani zanuzo. Mabisiketi a karoti mukadye nokha." Maso awo anapita pachithunzi chija. "Ine ndibwera kudzaona keke basi."

Glenys anabwerera kwawo akuwerengera ndalama m'mutu. Keke ya ukwati yeniyeni, yakuda ndi mphesa zouma, yolemera batala ndi mazira, yothiridwa mowa wa burande sabata ndi sabata, si chinthu chimene munthu amaphika ndi chifundo chokha. Anazungulira mashopu onse, anachepetsa apa ndi apo, anasiya kukwera basi, koma zimene anakwanitsa kugula zinali zokwana nsanjika imodzi, yaing'ono ya pamwamba. Imeneyo anaiphika ndi mtima wake wonse. Inatuluka mu uvuni yosalala, yonunkhira moti Des anachoka pasofa osaitanidwa. Koma itakhala yokha patebulo inkaoneka ngati kamwana kotayika pamsika.

Tsiku lotsatira Des anabwera kuchokera ku kaunjika atakolekera makatoni awiri ozungulira, aja amayi akale ankasungiramo zipewa, ina yaikulu ina yocheperako. Anawasanjikiza patebulo, n'kuika keke ija pamwamba, n'kubwerera m'mbuyo ngati mmisiri.

"Mwapenga," anatero Glenys.

"Shuga wopaka ndi wotchipa. Mukapaka onsewa, adziwa ndani?"

"Amayi anga amadziwa kuti mwasintha mtundu wa mchere asanalawe n'komwe. Ndiye muwapatse katoni?"

"Sadya katoniyo. Mukangoti nthawi yodula yakwana, mutsitse yapamwambayi, muwaikire pambale, adule, anthu aombe m'manja. Zinazo tinyamule tipite nazo kukhitchini ngati tikukadula. Alendo tiwaphikire keke ina ya karoti, ndi nkhondo iyi, sangadandaule."

Glenys anakana masiku angapo, kenako anagonja, poti njira ina panalibe. Anapaka makatoniwo shuga woyera mosamala kuposa keke iliyonse imene anapakapo, anaumba timaluwa tofanana ndi ta pachithunzi, timizati anatipanga ndi zokulungira ulusi zopentedwa. Itatha inali yokongola moti Noreen ataiona anagwira pakamwa. Glenys yekha ndiye sankatha kuiyang'ana nthawi yaitali. Moyo wake wonse anali asanaperekepo chakudya chabodza kwa munthu, ndipo woyamba kumunamiza anali kudzakhala mayi ake, pa tsiku lawo, anthu akuona. Ankaopa kugwidwa, komanso ankachita manyazi ngakhale asanagwidwe.

Tsikulo linali Loweruka, ndipo mvula inachita ulemu, inangowaza m'mawa n'kusiya. Masana holo inali itadzaza. Amayi a msewu wonse anatchena mipango ndi milomo yofiira, azibambo ali m'majekete a agogo awo, manja a jekete akuthera pakati pa mkono. Mkulu wina wa kwaya anakhala pa piyano n'kumaimba nyimbo za nthawi imeneyo, nkhalamba zikuyankha mawu onse osaphonya. Noreen ndiye ananyanya. Anali atamva kuti masokosi aatali atasowa pankhondo, atsikana ankapaka miyendo madzi akuda aja timathira mu msuzi wa nyama, n'kujambula mzere kumbuyo ndi pensulo ya nsidze kuti azioneka ngati avala. Iye anachita zomwezo, ndipo miyendo inaonekadi bwino, mpaka pamene Tinker, galu wa a Wilf, analowa m'holo. Galuyo ananunkhiza m'mwamba kamodzi, n'kulunjika kwa Noreen, ndipo masana onse mayiyo anathira tiyi akuponya mwendo uku ndi uku.

"A Wilf, gwirani chilombo chanuchi, chindimaliza."

"Musiyeni, mwanawe, nayenso ali pankhondo. Nyama sanaione kalekale."

A Wilf anali atakwanitsa kulowa mu jekete yawo ya usilikali, ngakhale mabatani awiri a pamimba anakana kugwirizana nawo. A Enid anabwera atavala diresi yatsopano ya buluu, yogula chaka chomwecho. Wina atawafunsa kuti bwanji sanavale zakale, anati, "Ndinavala madiresi osoka ndi makatani a mayi anga mpaka nkhondo kutha. Zanga ndinamaliza." Anayendera holo yonse pang'onopang'ono chikwama chili pamkono. Pa timbendera anazindikira malaya a Des. Tiyi analawa n'kunena kuti wakoma, koma wa nkhondo sankada choncho, masamba ankawaphika kawiri. Buledi anamutsegula n'kuona mkati, n'kuti majarini wochuluka chotere bwenzi apolisi atabwera. Glenys ankawatsatira m'mbuyo ndi tiipoti, akumwetulira ngati munthu amene nsapato ikumuluma.

Kenako anafika pa keke. Inali patebulo lakelake kutsogolo, pansalu yoyera. A Enid anaima pamenepo nthawi yaitali akuiyang'ana. Kumbali ina ya holo Noreen anaweramira kwa Glenys n'kunong'ona kuti, "Asaigogode, mayo." A Enid anatembenuka.

"Noreen, ndisagogode chiyani?"

"Piyano, mayi. Ndimati ana asagogode piyano," anatero Noreen, n'kubisa pakamwa ndi kapu.

Masana anayenda bwino kuposa mmene Glenys ankayembekezera. Mabisiketi a karoti anatha, ena mpaka kufunsa kaphikidwe kake. Nkhalamba zinayamba kupikisana kusimba za mabomba, bomba lililonse likukula ndi kapu iliyonse ya tiyi. A Wilf anavina ndi Bev, mwana wa Glenys, amene anali ndi pakati potopa moti agogo akewo ankamugwira ndi nsonga za zala. Anavinanso ndi akazi awo, ndipo a Enid, ngakhale ankawauza kuti akuwaponda, sanawasiye mpaka nyimbo itatha. Glenys anawaona ali pakhomo la khitchini, mtima wake n'kukhalako pansi. Panangotsala chinthu chimodzi.

Des anagogoda kapu ndi supuni, anthu n'kusonkhana mozungulira tebulo la keke. A Wilf analankhula mawu ochepa, ambiri mwa iwo okhudza nkhunda. Glenys anabwera ndi mbale ndi mpeni womangidwa riboni, n'kutambasula manja kuti atsitse nsanjika ya pamwamba. A Enid anamumenya kadzanja.

"Ukutani?"

"Ndikutsitsa kuti mudule bwino, Amayi."

"Iwe, wayamba liti kuphika makeke a ukwati? Yapamwamba siidulidwa. Imeneyo imasungidwa, ndi ya ubatizo wa mwana." Analoza mimba ya Bev ndi chibwano. "Suukuona? Timadula yapansi."

Holo yonse inavomereza. Amayi achikulire anagwedeza mitu, wina n'kuti mdzukulutuvi wachita mwayi, adzabatizidwa ndi keke ya Glenys. Mwambowo Glenys ankaudziwa ngati dzina lake, anali atakulungira anthu ambirimbiri nsanjika za pamwamba kuti akasunge. Kungoti pa phwando la anthu a zaka makumi asanu ndi awiri sanaganizeko za ubatizo, ndipo mimba ya mwana wake yemwe, imene ankailukira timasokosi madzulo alionse, inamuchoka m'mutu. Anayang'ana Des. Des anayang'ana kudenga, kumene kunali malaya ake.

"Amayi, mwina..."

"Bweretsa mpeniwo."

A Enid anagwira mpeni, a Wilf n'kuika dzanja lawo pamwamba, monga amachitira akwati. Wojambula anakonzeka. Mpeni unatsika pa nsanjika ya pansi, shuga n'kusweka bwinobwino, kenako unaima. A Wilf anakanikiza. Panamveka kaphokoso kouma, kopanda kanthu m'kati, ndipo mpeni unalowa wonse mpaka chigwiriro ngati waponyedwa m'dzenje. Mbali ya keke inabwafuka, chibenthu cha shuga n'kugwera pansalu, ndipo pamalo pakepo panaoneka katoni yotuwa, ya mizeremizere.

M'holo munangoti zii. Wa piyano, amene anali atayamba kale nyimbo yachisangalalo, anaisiyira panjira. Glenys anamva nkhope yake ikutentha mpaka m'makutu. Analakalaka pansi patang'ambika. Anafuna kupepesa, koma chimene ankangoona chinali msana wa mayi ake, wowongoka, wosagwedezeka.

Woyamba kutulutsa mawu anali a Wilf. Kanali kaphokoso ka m'mphuno, ngati munthu amene akuletsa chifuwa m'tchalitchi. Anayesa kukabweza, koma kanatulukanso, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka mpaka mamendulo kulira.

"Enid," anatero movutikira, "yatipezanso."

"Khalani chete, nkhalamba inu."

Koma mawu a a Enid anali akunjenjemera. Anasolola mpeni, anasuzumira m'bowolo, n'kugogoda nsanjika ya pakati ndi chala. Nayonso inayankha kuti m'kati mulibe munthu. Pamenepo mayi uja anaphulika kuseka, kuseka kumene Glenys anali asanakumvepo chibadwire, kogwira tebulo, misozi ili chuchuchu. Anthu anayang'anana kaye, kenako nawonso anayamba, ngakhale ambiri sankadziwa chimene akusekacho.

"Amayi, pepani," anatero Glenys. "Ndalama sizinakwane. Yapamwamba yokhayo ndiyo yeniyeni. Ndimafuna ifanane ndi yanu ija."

"Yafanana," anatero a Enid akupukuta m'maso. "Mwana iwe, yafanana kuposa mmene ukudziwira. Ija ya pachithunzi ndi katoni."

"Chiyani?"

"Katoni, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Boma linaletsa kupaka shuga pa keke, ukuganiza kuti tikanamutenga kuti? Wophika buledi wa pakona anali ndi chivundikiro chimenecho, chopakidwa laimu, ankabwereketsa. Mukajambulitsa, mumachinyamula, pansi pake pamakhala kakeke kenikeniko. Kathu kanali ngati chibakera cha bambo akowa. Mayi anga anapemphetsa shuga msewu wonse kuti kapezeke."

"Ndipo chinayenera kubwezedwa msanga," anawonjezera a Wilf, "kunali ukwati wina madzulo ake."

Kumbuyo kunamveka mawu a gogo wina, a Almond, amene anakhala pa njinga ya olumala bulangete lili pamiyendo. "Unali wanga umenewo. Pitani kwathu mukaone pakhoma, keke yake ndi yomweyo. Kaluwa kamodzi kakumanzere n'kothyoka."

"Anathyola ndi Wilf ndi chigongono," anatero a Enid.

Apa ndiye holo inagwa nako kuseka, Noreen mpaka anakhala pansi, Tinker n'kupezerapo mwayi. Glenys yekha anaima pakati pa phokosolo mbale ili m'manja, osadziwa kuti aseke kapena akwiye. Anaganiza za mpando uja ankakwerapo, za makeke onse amene anawaphika n'kuwaona operewera.

"Ndiye kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikupikisana ndi katoni?" anatero. "Osandiuza bwanji?"

Kuseka kwa a Enid kunatha pang'onopang'ono. Anayankha motsitsa mawu, moti anamva ndi okhawo amene anali pafupi.

"Unkaiyang'ana ngati ukuona kumwamba. Ndikanakuuza bwanji kuti mayi ako anakwatiwa ndi bokosi? M'nyumba muja chinthu chokongola chinali chimenecho chokha. Ndinkachita manyazi, Glenys. Kenako unakula, n'kuyamba kuphika zenizeni, manyaziwo n'kukulanso." Anakonza riboni ya pampeni, ngakhale inali bwinobwino. "Ndipo kakeke kaja sindinakalawe n'komwe. Ndinkagawira alendo, pomwe ndimati nditenge kanga, m'mbale muli mbee. Anzawo a bambo akowa anabwera ndi njala ya kunkhondo."

"Ine ndinadya kamodzi kokha," anatero a Wilf.

"Munadya kawiri. Ndinakuonani."

Glenys anaika mbale patebulo. Mkwiyo uja unali utasungunuka, m'malo mwake munabwera chisoni, chifukwa kwa nthawi yoyamba anawaona mayi ake ngati kamtsikana ka diresi yobwereka, kogawira anthu keke ya ukwati wake mpaka kutha. Anati apite kukhitchini akatenge keke ya karoti ija, koma a Enid anamugwira mkono.

"Tsitsa yapamwambayo."

"Si mwati ndi ya ubatizo?"

"Mwanayo mano alibe, ndipo sanafike n'komwe. Ine ndadikira zaka makumi asanu. Bev, ukwiya?"

"Idyani, agogo," anatero Bev. "Amayi adzaphika ina."

Amayi achikulire aja anayang'anana, poti a Enid Entwistle kuphwanya mwambo chinali chinthu chimene palibe anayembekezera kuchiona ali moyo. Glenys anatsitsa nsanjikayo n'kuiika pambale. Ulendo uno mpeni unalowa mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo fungo la mphesa ndi burande linafika mpaka kwa wa piyano. M'kati munali mwakuda, monyowa bwino, mosanyenyeka. A Enid anadula chidutswa choyamba, ndipo sanapatse mlendo aliyense. Anakhala pampando, anayala kansalu pamiyendo, n'kuluma.

Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pambale. Glenys anaima pambali pawo manja atawapinda m'thumba la epuloni, ndipo poti anazolowera, anafunsa yekha asanauzidwe.

"Chachepa n'chiyani, Amayi?"

A Enid anameza, anatola kanyenyeswa pa diresi yawo n'kukaika m'kamwa.

"Palibe," anatero. "Yakoma."

Glenys anaimabe pomwepo, akudikira mawu otsatira. Sanabwere. Chimwemwe chinamudzaza, moti mayi wa imvi zake anayenera kuluma mlomo kuti asalire pamaso pa msewu wonse. A Enid anali atatembenukira kale kwa amuna awo, amene dzanja lawo linali likuyandikira mbale.

"Chotsani dzanjalo, Wilf. Inu munadya kale yanu."